Nsalu ya Pathebulo la ku Kabwata

Kabwata, Lusaka
11 Seputembala 2023

Mng'ono wanga Peggy,

Moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwino, kupatula miyendo yomwe yayambanso kutupa ndi kutentha kwayambaku. Kaya iwe ku Gaborone ndi odwala ako? Mlongo wathu Dingani akunyamuka mawa ndi lole yake, ndiye ndati ndimupatsire kalata, chifukwa nkhani ndili nayoyi si yapafoni. Nyumba za kuno ukuzidziwa, ukatsokomola wa khomo linalo amayankha kuti pepani.

Ndikulemba ndili pathebulo, pa nsalu yoluka ija anatisiyira malemu amayi, imene unaitentha pangodya ndi ayironi uli mtsikana. Ndakhala ndikuyang'ana chipsera chako chija kwa nthawi, kusowa poyambira.

Mwana wako Nsofwa watigwetsa nkhope. Dzulo titachoka kutchalitchi ndinamuona akumwetulira yekha ndi foni ija unamugulira. Ndinamuuza aitsegule, ndipo anaitsegula. Peggy, zimene ndinaona sindingazilembe ndi dzanja lomwe ndimagwirira Baibulo. Pali mnyamata wina wa ku Kabulonga, dzina lake Clive, wa kusukulu kwawo komweko. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu, mayeso a giredi 9 ali pakhomo! Ndinakuuza ine kuti foni si choseweretsa cha mwana, iwe n'kumati ndine wachikale.

Foni ndamulanda, ndaikiyira m'kabati. Usade nkhawa, nkhaniyi ndaitula kale kwa amayi a gulu lathu la mapemphero. Lachitatu tikusala kudya tonse chifukwa cha mwanayu. Satana sangatengere mwana m'nyumba ya mtsogoleri wa amayi ine ndikuona.

Undiyankhe Dingani akamabwerera.

Mkulu wako,
Rhoda

Gaborone
16 Seputembala 2023

Asisi Rhoda,

Ndalandira kalata yanu. Ine ndili bwino, ntchito ndiye yochuluka, anamwino tachepa m'wodi mwathu. Miyendoyo muziiika pamwamba mukakhala, ndipo mchere muchepetse, ngakhale ndikudziwa kuti simundimvera.

Mwandiyimitsa mutu. Mwalemba tsamba lonse koma simunanene chimene munaona. Kodi mwanayo ali ndi pakati? Ngati ayi, ndiye n'chiyani? Ngati ndi timawu tachikondi chabe, asisi, musaiwale kuti inu nomwe mumabisa makalata a Oswell m'chitini cha ufa, ine n'kumakulonderani pakhomo kuti atate asakupezeni. Lero Oswell yemweyo ndi amene mumamulira chaka ndi chaka pa tsiku limene anatisiya.

Ndinaimba dzana. Nsofwa anangoti, "Ndili bwino," kawiri konse, ndipo ndimamva mpweya wanu pafupi ndi foni. Musiyeni ndilankhule naye yekha. Mudzudzuleni, inde, mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma chonde nkhaniyi ithere m'nyumba. Atate ake kulibe, ine ndili kutali, ali ndi inu nokha.

Ndine,
Peggy

Kabwata
24 Seputembala 2023

Amami,

Muli bwanji? Kalatayi ndawapatsa amalume a Dingani mobisa. Amayi aakulu sakudziwa. Mukaimba amaima pambali panga, ndiye sindingathe kunena kanthu.

Ndilibe pakati. Ndinena zonse, mundide mukamaliza kuwerenga. Clive ali giredi 11. Tinayamba kucheza mu Juni. Anandipempha chithunzi chosavala kwa masabata ambiri, ine ndikukana. Amati, "Ngati unikonda uzatuma chabe, nizaona kamodzi nafufuta." Atasiya kundiyankha masiku atatu, ndinatumiza. Chimodzi chokha, amami. Ndinadziwa kuti ndalakwa chala chisanachoke n'komwe pafoni.

Chinakhala milungu iwiri popanda kanthu. Kenako amayi aakulu anatenga foni Lamulungu, ndipo pofika Lachinayi sukulu yonse inali nacho. Ndikuganiza Clive anakwiya kuti ndasiya kumuyankha. Anauza mnzanga Muriel kuti si iye, analumbira, koma ndani winanso anali nacho?

Ine sindinachione chimene akutumizirana. Muriel anafuna kundionetsa, ndinatseka maso. Tsiku lotsatira anasamutsa desiki yake, akuti amake amuletsa kukhala nane. Pabolodi analemba dzina langa ndi mawu oipa. Ndikadzuka kuti ndiyankhe funso, anyamata a kumbuyo amakweza manja ngati akujambula, kalasi yonse n'kuseka. Mtsikana wina wa giredi 8 amene sindimudziwa anandilavulira pa nsapato.

Sizinathere kusukulu. Pamsika wa Kabwata amayi ogulitsa tomato amatsinana ndikamadutsa. Kondakitala wa minibasi anakuwa pa siteshoni kuti, "Ba sista ba pa foni, bwelani kutsogolo tikuoneni mushe, bwinobwino!" Anthu onse anatembenuka. Ndinayenda pansi mpaka kusukulu ku Woodlands.

Amami, sabata ino sindinalowe m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Ndimavala yunifolomu, ndimatuluka, ndimakakhala pansi pa mitengo ya jakaranda ku Longacres, kumene kuli maofesi okhaokha ndipo palibe amene amandidziwa. Ndimakhala mpaka nthawi yowerukira. Mayeso sindilemba. Sindingathe kukhala m'holo ndi anthu mazana awiri amene anandiona.

Nthawi zina ndimaganiza kuti zikanakhala bwino ndikanapanda kukhalapo. Chonde bwerani. Kapena mungondiyankha.

Mwana wanu,
Nsofwa

Kabwata
3 Okutobala 2023

Peggy,

Moni. Dingani sanabwerebe, ndamva kuti lole yamufera panjira, ndiye kalatayi ndapatsira mayi wina wa malonda amene akukwera basi ya ku Gaborone. Akuimbira akafika.

Za Oswell usazibweretse muno, ife tinkalemba mawu, sitinkavula. Poti ukufuna kumva ndi makutu ako, imva: mwana wako anatumiza chithunzi cha thupi lake kwa mnyamata uja, ndipo mnyamatayo wachimwaza Lusaka yense. Ukuti nkhani ithere m'nyumba? Ili ku Chelstone, ili ku Makeni. Ine mtsogoleri wa amayi ndikuyenda chozolika ngati wakuba.

Loweruka ndinatenga amai Kampamba, wachiwiri wanga m'gulu, tinapita ku Kabulonga. Mipanda yake yaitali, mabelu apageti, agalu onenepa kuposa ana a kwathu kuno. Ndinaima pageti n'kunena zonse mokweza, aneba amve mtundu wa mwana amene akulera. Amake anatuluka ndi magalasi pamphumi. Anavomera kuti mwana wawo analakwa kupempha, akuti amulanda foni ndipo atate ake amulanga. Koma akukana kuti ndiye anamwaza. Akuti, "Amai, muchiyang'ane bwino chija chili kuyenda, mufunse kuti foni ija ni ya ndani." Waona mwano wa anthu a ndalama? Ndinawauza kuti ine sindiyang'ana zonyansa kawiri.

Ahedi anandiitana. Akuti Nsofwa sanaoneke kusukulu masabata awiri, chikhalirecho amachoka pano m'mawa uliwonse atavala. Bodza pamwamba pa manyazi! Ndamutsekera m'nyumba. Sakudya, akungoyang'ana khoma, ndikamupempherera sanena ngakhale ameni.

Ndaganiza zomutumiza ku Katete kwa azakhali, alangizi akamukhazike pansi. Mayeso adzalemba chaka chamawa, kapena ayi, sukulu ndiyo yamuwononga. Mwezi ukatha ndimuperekeza. Undiuze kuti wavomera.

Rhoda

Gaborone
13 Okutobala 2023

Nsofwa mwana wanga,

Kalata yako yafika lero. Masabata atatu inali m'thumba la jekete la amalume ako, iwo ali pansi pa lole ku Choma kudikira chitsulo. Masabata atatu iwe ukuganiza kuti ndawerenga ndipo ndakhala chete. Ndikaganiza zimenezi mtima ukundiwawa kwambiri. Ndinaimba nthawi yomweyo, amayi aakulu anati wagona.

Sindikudana nawe. Werenganso mzere umenewu. Unalakwa kutumiza, ukudziwa wekha, ndipo tidzakambirana maso ndi maso. Clive analakwa kwambiri kukukakamiza, chikondi sichipempha chikole chotere. Koma amene akukuseka, amene akutumizirana, iwowo ndiwo ayenera kuyenda chozolika, osati iwe.

Za kusakhalapo zija, usazisunge wekha. Zikabweranso uuze amalume ako, kapena upite kukiliniki ukauze namwino aliyense kuti ndiwe mwana wa namwino mnzake. Ine ndinakubereka ndikukufuna, ndipo ndikukufunabe. Amalume ndawauza kuti akafika akupatse foni yawo pabwalo, tilankhule awiriwiri.

Ku Katete supita. Ndapempha tchuthi, akuluakulu akuti Disembala basi, ndalira pamaso pawo koma sizinathandize. Idya, mwana wanga. Tsegula mabuku ngakhale tsamba limodzi patsiku.

Pali chinthu chimene amayi aakulu akuuze ndi pakamwa pawo. Ndawalembera.

Amako

Gaborone
13 Okutobala 2023

Asisi Rhoda,

Moni ndikupatsani, koma mtima wanga suli bwino.

Dzulo mayi wina wa ku Chelstone, amene tinaphunzira naye limodzi, ananditumizira chithunzi chija. Analemba kuti, "Pepani, kodi si mwana wanu uyu?" Ndinali pa ntchito. Ndinalowa m'chipinda cha mankhwala n'kutseka chitseko. Sindinathe kumuyang'ana mwana wanga, ndiye maso anga anathawira m'mphepete.

Asisi, chimene chikuyenda Lusaka yense sichinachoke m'foni ya Clive. Ndi chithunzi cha foni ya Nsofwa, ndi mng'alu wake uja wapakona, itagonekedwa pathebulo, wina n'kuijambula ndi foni ina. Pansi pa foniyo pali nsalu yoyera yoluka. Pangodya pake pali chipsera cha ayironi. Chipsera chimenecho ndinachiika ndine mu 1998, ndipo munandikumbutsa nokha m'kalata yanu yoyamba.

Mu Kabulonga mulibe nsalu ya amayi athu.

Ndinachifufuta, ndipo mayi uja ndinamuuza afufute ndi kuti kusunga kapena kutumiza chithunzi chotere cha mwana ndi mlandu. Kenako ndinakhala pansi, pasimenti, mpaka mnzanga anabwera kudzagogoda.

Munati mwaitula nkhani kwa amayi a mapemphero. Ine ndimayesa munawauza ndi pakamwa. Kodi Mulungu amafuna chithunzi kuti amve pemphero? Amayi angati ali m'gulu lanulo? Ndi angati mwa iwo amene foni zawo zimatsegulidwa ndi ana awo, popeza okha satha? Munapita kukatukwana pageti la eni, munatsekera mwana m'nyumba, mukufuna kumuchotsa sukulu, chonsecho amene anamuvula pamaso pa anthu ndinu.

Akanakhala munthu wina, bwenzi ndili kupolisi. Koma khoswe wakhala pamkhate. Ndinu amene munandilera amayi atamwalira, ndinu amene munamulandira Nsofwa ine ndikubwera kuno. Ndiye ndikupempha chimodzi. Mumuuze nokha. Mwanayo akuganiza zofa, asisi, walemba ndi dzanja lake. Mukapanda kumuuza pofika Dingani akamabwerera, ndidzamuuza ine, ndipo ndidzamuchotsa pakhomo panu.

Peggy

Kazungula
27 Okutobala 2023

Asisi Peggy,

Ndili pamzere wa malole pano, ndalemba izi kuti mnzanga amene ali kutsogolo akupatsireni. Ine za makalata si zanga, mukhululuke zolemba.

Makalata onse awiri ndinapereka. Nsofwa mwalankhula naye nokha, ndiye mukudziwa kuti wayamba kudya pang'ono. Asisi Rhoda anawerenga yawo ataima, kenako anakhala pansi, kenako anachotsa nsalu pathebulo n'kulowa nayo kuchipinda. Masiku anayi amene ndinalipo sanapite kutchalitchi ndipo foni yawo anazimitsa. Ndinawafunsa ngati ali ndi yankho. Anati, "Pita."

Ndiye ndabwera wopanda kanthu. Sindikudziwa ngati amuuza. Tikiti ya ku Katete ndinaiona pa kabati, sanaing'ambe.

Dingani

Kabwata
5 Novembala 2023

Peggy mng'ono wanga,

Sindikufunsa za moyo wako, ndikudziwa kuti sukugona chifukwa cha ine.

Ndine. Ndinajambula ndi foni yanga chifukwa sindidziwa kutumiza kuchokera m'foni ya wina. Ndinaika pa gulu lathu la WhatsApp, amayi makumi atatu ndi asanu ndi atatu. M'gulu mwathu timatero. Wina akadwala timaika chithunzi cha chilonda, wina akachita ngozi timaika cha galimoto, kuti tizipemphera tikuona chimene tikulimbana nacho. Ndinalemba pansi pake kuti, "Onani ntchito za mdyerekezi, tigwade." Sindinaganize kuti ndi mwana ameneyo. Ndinaganiza kuti ndi tchimo.

Zitayamba kumveka, kamtima kena kanandiuza. Ndinakakhalira. Ndinati amayi opemphera sangachite zimenezo, ndipo kukwiyira mnyamata wa ku Kabulonga kunali kosavuta. Amai Kampamba anaima nane pageti paja akudziwa kuti mwana wawo wamwamuna ndiye amawatsegulira mauthenga. Avomera sabata yatha.

Masabata awiri ndimalephera kumuuza. Lachiwiri ndinagwada pamaso pa Nsofwa, ine wa miyendo yotupa, ndinamuuza. Sanalire. Anandifunsa funso limodzi: "Munanitsekela mu nyumba mukudziwa kuti ni imwe?" Kuyambira tsiku limenelo sanandilankhule.

Ndikuyenda khomo ndi khomo kwa amayi onse, aliyense afufute ine ndikuona, ndi ana ake omwe. Ndafika ku Makeni, ndafika ku Chelstone. Ena akunditsekera chitseko. Ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Lero ndaima kutsogolo m'tchalitchi, ndanena chimene ndinachita, ndipo utsogoleri ndautula. Kwa ahedi ndapita. Ku Kabulonga ndapitanso, ulendo uno ndinaliza belu. Tikiti ya ku Katete ndaing'amba.

Mayeso ayandikira. Mabuku akutsegula, koma akuti pageti la sukulu sadzapondapo. Ine ndilibenso pakamwa pomuuzira.

Rhoda

Kabwata
21 Novembala 2023

Amami,

Muli bwanji? Amalume akunyamuka masana ano, ndiye ndilemba mwachangu.

Amayi aakulu anafuna kutentha nsalu ya agogo. Ndinawapeza nayo pa mbaula, ndinawalanda. Ndaibweza pathebulo, ndipo ndi pamene ndakhala ndikuwerengera.

Dzulo m'mawa, tsiku loyamba la mayeso, ndinavala yunifolomu koma ndinali ndisanaganize kumene ndikupita, ku Woodlands kapena ku Longacres. Nditatuluka ndinapeza amayi aakulu ataima pakhomo, atavala nsapato, chikwama pamkono. Ndinayenda, anandilondola.

Pa siteshoni panali kondakitala yemwe uja. Atangondiona anayamba, "Ba sista ba pa—" Amayi aakulu anamugwira malaya. Anakuwa kuti minibasi yonse imve: "Uyu ni mwana! Chithunzi chija ni ine ninachimwaza, ine Rhoda wa ku tchalitchi. Ngati ufuna kuseka, seka ine. Tulutsa foni, ufufute manje manje, pompano!" Mayi wina wa kumbuyo anati, "Fufuta, iwe, ulibe mlongo?" Anafufuta. Njira yonse sanapemphe ngakhale ndalama zokwerera mokweza.

Pageti la sukulu ndinaima. Anyamata awiri anakweza manja ngati akujambula. Ndinatembenuka kuti ndithawe, ndipo kumbuyo kwanga kunali amayi aakulu, thukuta lili kamukamu, akuwayang'ana anyamatawo mpaka anatsitsa manja. Ndinalowa.

M'holo ndinamva kunong'ona. Ndikudziwa kuti chithunzi chija sichidzatheratu, chili m'mafoni amene amayi aakulu sadzawafikira. Mphindi khumi zoyamba sindinalembe kanthu. Kenako wina anaika rula pa desiki yanga, chifukwa yanga ndinaiwala. Anali Muriel. Sanandiyang'ane, koma anaika. Ndinalemba mpaka funso lomaliza.

Nditatuluka ndinawapeza atakhala pa mwala kunja kwa geti, padzuwa, pamene ndinawasiya. Maola atatu, amami.

Musandifunse ngati ndawakhululukira. Sindinatero. Ndikawayang'ana pamandiwawa pachifuwa, ndipo sindinawalankhule njira yonse. Koma titatsika pa Kabwata ndinawalandira chikwama, chifukwa miyendo yawo yatupa zedi ndi maulendo a kumakomo aja.

Mufika tsiku liti la Disembala? Mundiuze tsiku lenileni, ndikufuna kuyamba kuwerenga masiku.

Mawa ndi masamu. Ndipita.

Mwana wanu,
Nsofwa